Tsiku limene tinjerwa makumi atatu tinalankhula ndi mawu anga

Ine cholinga changa chinali chabwino, anzanga, chimenecho chokha mundikhulupirire. Ndinkafuna kuthandiza amalume, komanso ndinkafuna kuti kamodzi kokha pamoyo wanga munthu aone kuti zaka zitatu za ku koleji sindinapite kukadya mabanzi.

Mukudziwa kuti ndinaphunzira zamalonda ku Lusaka. Chimene ena simudziwa n'chakuti chimalizireni papita zaka ziwiri, pepala langa lili m'sutikesi pansi pa bedi kwa amayi ku Chalimbana, ndipo ntchito yanga yakhala kuthirira repu ndi kusuzumira pafoni kuti mwina wina wayankha kalata. Sayankha. Ndiye tsiku limene amalume a Phiri, alongo awo a amayi, anandiitanitsa ku sitolo yawo pamsika wa Chongwe, siketi ndinaisita kawiri.

Sitolo ya amalume ndi ya mababu, matochi ndi machaja, koma chimene chinkaidyetsa ndi tiwailesi ta memori. Mukutidziwa, kanthu kokwana m'dzanja, ulowetsamo memori khadi n'kumaimba tsiku lonse. Ku tauni anthu anatiiwala kale, foni inatipha, koma kuno kumene magetsi amabwera mwa kufuna kwawo munthu sangathere batire la foni pa nyimbo. Wanjinga ya makala amakamangirira pa handulo, wamkaka wa ku Palabana amakaika m'thumba la malaya, amayi ku dimba amakapachika pamtengo. Pa Chongwe tilipo ta mitundu iwiri. Ta amalume ndi tofiira, ta ngodya zinayi, anthu amati tinjerwa. Tina ndi takuda, tobulungira, amati timigolo, ndipo timeneto amagulitsa ndi Bana Chanda, mayi wa Chibemba amene anachokera ku Lusaka chaka chatha n'kudzatsegula kasitolo kake moyang'anizana ndi amalume, khomo ndi khomo. Bana Chanda akamapereka moni, ngakhale anthu a kutali ku chigayo amayankha.

Asanabwere iwowo, msika wonse unali wa amalume. Tsopano amalume ankangokhala pa mpando, dzanja patsaya, kuwerenga misana ya makasitomala awo akale akulowa tsidya linalo.

"Esinati," anatero, "makatoni asanu a tunjelwa yali chabe kudya fumbi umu. Iwe unaphunzila. Nikupasa mwezi umodzi. Tukayenda, shopu iyi uzayamba kuyendetsa ndiwe, ine nibwelele kumunda, nalema. Tukakana, ninshi sukulu yako nayo yakana."

Sitolo yanga, ine! Ndinavomera ndi mutu. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine kupereka moni kwa munthu wachilendo ndimayamba ndakonzekera kuchokera patali.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti usanalimbane ndi mnzako pamalonda, uyambe wadziwa gawo la msika limene wagwira iye ndi limene wagwira iwe. Ndiye Lolemba m'mawa ndinavala siketi yanga ija yakuda ndi bulauzi yoyera, ndinatenga kope ndi cholembera, n'kukaima pa siteshoni ya maminibasi kuti ndiziona wanyamula kanjerwa ndani, wanyamula kamgolo ndani. Ndinangolemba mzere umodzi. Mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anandiyang'ana, anayang'ana kope, kenaka anakuwa.

"Ba khonsolo! Ba khonsolo abwela!"

Anzanga, munaonapo msewu ukusesedwa m'kamphindi? Mabeseni m'mwamba, masaka pamutu, wachimanga chootcha anathawa ndi mbaula yamoto. Mayi uja anapunthwa, tomato n'kumwazikira mu tala, minibasi n'kupondapo. Ine m'malo mofuula kuti sindine wa khonsolo, ndinangoima, kope lili m'manja. Atazindikira kuti ndine mdzukulu chabe wa kwa a Phiri, anabwerera onse, ndipo zimene anandiuza sindingalembe pano. Ndinatola tomato mmodzimmodzi ndikupepesa.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapeza nzeru ina. Kanjerwa kali ndi batani lojambulira mawu, limene palibe amaligwiritsa ntchito. Ndinati basi, kope latha, ndizingoyenda ndi kanjerwa kanga pafupi ndi kamwa ngati munthu womvera nyimbo, n'kumanong'onezamo zimene ndikuona. Ndipo zinayenda bwino, bwino kwambiri. Ine amene ndimalephera kufunsa chenji kwa kondakitala, ndinapeza kuti kwa kanthu kofiira aka ndimalankhula mosaopa. Sikandiyang'ana, sikaseka, sikafunsa kuti ukwatiwa liti. Sabata yonse ndinakauza zonse, za msika, za makasitomala, za aliyense amene anadutsa pamaso panga. Ndimaona zambiri ine, vuto n'lakuti ndinali ndisanapezepo wozimva.

Chachiwiri chimene anatiphunzitsa ndi chakuti katundu wa mnzako umudziwe ndi manja ako. Ndiye ndinayenera kugula kamgolo. Ndinamanga duku mpaka m'maso, ndinafunda chitenje cha amayi, ndinazungulira kuseri kwa mabutchala kuti ndioneke ngati ndachokera kwina, n'kulowa kwa Bana Chanda ndikuyang'ana pansi.

"Nifunako kamgolo kamodzi," ndinatero ndi mawu a nkhalamba.

"Iyee, ba gilajuweti! Shani?" Anaombera m'manja. "Mwadwala mutu? Nanga ichi chiduku? Imwe bantu, bwelani muone, mwana wa ba Phiri abwela kugula vintu vabwino!"

Anandikulungira kamgolo m'pepala, anandiperekeza mpaka pakhomo atandigwira paphewa, n'kuwakweza dzanja amalume tsidya linalo. Amalume anangoyang'ana kumbali. Pambuyo pake ndinawauza kuti ndi kafukufuku. Anati, "Oho."

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinatchaja tonse tiwiri, kanjerwa katsopano ka m'katoni ndi kamgolo kaja, ndinatiika pakhonde n'kutiyatsa nthawi imodzi. Ndisanamalize kutsuka mbale ndi kuchapa zovala za amayi, kanjerwa kanayamba kukokera mawu ngati munthu wa tulo, kenaka zii. Kamgolo kanaimba mpaka nkhuku kulowa, ndipo m'mawa mwake nditakayatsa kanapitiriza ngati sikanagwire ntchito dzulo. Ndinayesa kanjerwa kena, chimodzimodzi. Kachitatu kanatentha mpaka ndinakaika pansi pa simenti.

Apa mpamene ndinayenera kupita kwa amalume n'kuwauza kuti katundu wathu ndi wofooka. Koma ndikanayamba bwanji? Munthu wamkulu, tsitsi la imvi, amene anandinyamula ndili khanda, ndimuuze kuti anagula zinyalala makatoni asanu? Ndinakafika mpaka pakhomo la sitolo, ndinawaona akupukuta fumbi pa tinjerwa ndi kansalu, kamodzikamodzi, ndipo ndinangofunsa ngati amwa tiyi. Zoonazo ndinakauza kanjerwa kanga, monga mwa masiku onse.

Ndiye ndinaganiza kuti ngati pa batire tagonja, tilimbane pa za m'kati. Kuno munthu sagula kawailesi kopanda kanthu. Wogulitsa amakhala ndi memori imodzi yaikulu, n'kumakoperamo nyimbo kupita ku timemori ta makasitomala, ndipo ambiri amasankha sitolo chifukwa cha nyimbo zake. Bana Chanda amadzaza za m'mabala ndi za pa ukwati. Ndinaona kuti pali anthu amene palibe akuwaganizira: amayi a chigwirizano a ku mpingo kwathu. Amayi amenewa amayenda maliro onse, misonkhano yonse, midzi yonse kuchokera ku Palabana mpaka ku Bundabunda, ndipo chimene wanyamula mmodzi, mawa anyamula onse. Ndinayenda kwa oyimbitsa kwaya, ndinasonkhanitsa nyimbo za m'buku ndi za makwaya, zoposa zana, ndinaziika pa memori yanga, yomwe ija ya m'kanjerwa kanga. Anti Nabanda, akazi a amalume, ndi mlembi wa chigwirizano, ndipo anandipemphera mphindi khumi pa msonkhano wa Lachinayi.

Amalume atamva anamwetulira koyamba mwezi umenewo. "Waona? Sukulu ni sukulu."

Lachitatu lonse magetsi kunalibe. Anabwera Lachinayi m'mawa, ndipo tonse tikudziwa kuti akabwera choncho sakhalitsa. Ndinakhala pa laputopu ya kusitolo, ndinalowetsa memori yanga, ndinasankha zonse nthawi imodzi, kopera, ina, kopera, ina, mpaka makumi atatu, kuopa kuti azima ndili pakati. Musanene kuti sindinayese. Ndinayesa! Ndinatsegula nyimbo imodzi pa laputopu, inaimba bwinobwino, ndinati zatheka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kanjerwa ukakayatsa sikayambira pa nyimbo. Kamayambira pa zimene kanajambula kokha.

Masana tinali pansi pa mitengo kuseri kwa tchalitchi, amayi makumi atatu ndi kanthu, mabulauzi oyera, maduku oyera, atakhala pamabenchi ndi pamphasa. Atatha mapemphero, anti anandiitana. Mawu ndinali nditaloweza. Ndinayamba ndi atcheya, Amayi Tembo, mayi wamtali wa magalasi amene ngakhale abusa amawalankhula atavula chipewa. Ndinagwada n'kuwapatsa kanjerwa ndi manja awiri.

"Amai, imwe ndimwe oyamba kukagwila mu Chongwe yonse. Kalibe wina ali nako ka nyimbo izi."

Anakatembenuza, anakweza magalasi, nkhope inamasuka. "Oyamba? Chabwino, mwana wanga. Apatse anzangawa naonso aone."

Ndinagawa tonse. Ndipo apa mpamene ndinabweretsa nzeru imene ndinkainyadira kwambiri. Ndinati, "Azimai, nizawelenga kufika pa zitatu, tonse tiyatse pamodzi, mumve monga kwaya yabwela pano."

Chimodzi, ziwiri, zitatu.

Sikunabwere kwaya. Kunabwera kupuma kwa munthu, phokoso la maminibasi, kenaka mawu onong'ona ochokera m'manja makumi atatu, ena patsogolo pang'ono, ena pambuyo, ngati ana a sukulu akubwereza za aphunzitsi.

"Lachiwili, pa siteshoni. Tumigolo twapambana, kalibe na kufunsa. Wamakala apita na kamgolo. Wamkaka, kamgolo. Kanjelwa naona kamodzi chabe, nako kenze kozima."

Kodi munayamba mwamvapo mawu anu akuchokera kunja kwa thupi lanu? Poyamba ndinaganiza kuti mtsikana ameneyu ndi wopusa bwanji. Kenaka ndinamuzindikira.

"Iyi ni nyimbo bwanji?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Ni mau oyamba chabe!" ndinakuwa, ine amene sindikuwa. "Dinizani batani ya kumanja, ipite pa nyimbo!"

Tsono kanjerwa kali ndi khalidwe lake. Batani la kumanja ukalidina kamodzi n'kusiya, kamalumphira kutsogolo. Ukalikanikiza osasiya, kamakweza mawu. Ndipo mayi wa ku dimba akadina chinthu, amadina kuti chimve. Theka la amayiwo anakweza mawu mpaka pamapeto, theka linalo analumphira pa zojambula za Lamlungu, ndipo kunong'ona kwanga kunasanduka kulalikira.

"Kukamba zoona, kanjelwa kathu ni zinyalala. Batire siikhala olo maawa atatu. Ine nikanakhala kasitomala, nikanapita chabe kwa Bana Chanda."

Ndinathamangira kwa wapafupi kuti ndimulande, ndinaponda mphasa, inaterera, ndinagwera pamiyendo ya mayi wina wokalamba amene anangondigwira mutu n'kunena kuti, "Pepa, mwana, koma choka, nimveko." Ndinadzuka, ndinazimitsa kamodzi, kawiri, katatu, koma manja ndili nawo awiri, tinjerwa makumi atatu. Ndikazimitsa kuno, uko wina wayatsanso kuti ayambire poyamba chifukwa sanamve bwino.

"Zimitsani, chonde, napapata! Zimitsani!"

Amayi Tembo anakweza dzanja, ndipo onse anazimitsa. Ndinapuma. Ndinati Mulungu wandikumbuka.

"Tizimitse tonse," anatero, "kasale kanga kokha. Tikumvetsana mutu. Timve bwinobwino."

Anakaika pa tebulo la mlembi, pafupi ndi buku la anti, n'kupinda manja. Kunali chete moti ngakhale mbuzi za kuseri kwa mpanda zinkamveka kutafuna. Ine ndinkadziwa chimene chikubwera, chifukwa ndinkakumbuka tsiku lililonse ndi malo amene ndinaima polankhula.

"Lolemba. Nzelu yapezeka. Azimai a chigwilizano ni osavuta. Ukagwila Amai Tembo, wagwila onse, chifukwa Amai Tembo sakondwela kuti wina akhale na chintu iwo asanakhale nacho. Ungowauza chabe kuti ndiwo oyamba, basi, agula."

Wina anatsokomola. Wina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Amayi Tembo anavula magalasi, anawapukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya duku, anawavalanso, n'kundiyang'ana. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Kanjerwa kokha ndi kamene sikanachite manyazi. Kanapitiriza.

"Amalume nawo anagula makatoni asanu osayesako olo kamodzi, chifukwa chabe wogulitsa mu tauni anawaitana kuti bwana mkubwa na kuwagulila dilinki. Niwamvela chifundo. Sinizakwanisa kuwauza."

Anti Nabanda anatseka buku lawo. Ndiwo anatambasula dzanja n'kuzimitsa. Pomwepo m'pamene ndinaona kuti kunja kukutentha, kuti bulauzi yanga yamatirira kumsana, ndi kuti bondo langa likutuluka magazi.

"Mwana uyu ngoona mtima," anatero Amayi Tembo potsiriza, akuyang'ana anzawo, osati ine. "Watichenjeza yekha. Azimai, bwezani katundu wa eni ake. Mlembi, lembani kuti tamva."

Anabweza mmodzimmodzi, mwaulemu, ena akundisisita pamkono ngati wofedwa. Mayi wokalamba uja pobweza anandinong'oneza kuti, "Uja Bana Chanda, shopu yake ili pati?" Ndipo ine, chifukwa ndinaleredwa bwino, ndinamulozera.

Nditawerenga m'katoni, tinjerwa tinalipo tonse makumi atatu. Timemori tinalipo makumi awiri ndi tisanu ndi tinayi.

Kuchokera ku tchalitchi kufika pamsika si patali, koma nkhani inandipitirira panjira. Ndinapeza amalume atatseka chitseko chimodzi cha sitolo, atakhala pa mpando wawo, kanjerwa kali m'manja. Anti anali atawaimbira kale foni. Ndinaika katoni pansi n'kuima pafupi ndi khomo, kudikira kukalipiridwa. Ndinkafuna akalipe, kuti ndilire, zithe.

"Ni zoona, batire siikhala?" anafunsa.

"Ni zoona, amalume."

"Unaziwa liti?"

"Pa Sondo."

Anagwedeza mutu. Anakatembenuza kanjerwa kaja, anakapukuta ndi chala chachikulu.

"Za dilinki nazo ni zoona. Ninakuuza nekha, ninali kuseka." Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Manje iwe, Esinati, masiku onse aya unali kunipangila tiyi, unali kukhala apa pafupi na ine. Unauza ka wailesi. Ine sunaniuze. Nili na mano aatali?"

Pa zonse za tsiku limenelo, tomato, duku, mphasa, magalasi a Amayi Tembo, funso limeneli ndi limene limandidzutsa mpaka pano. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi.

Mwezi unatha. Loweruka lotsatira amayi a chigwirizano anafola pa khomo la Bana Chanda, oyamba pamzere Amayi Tembo. Tinjerwa amalume anatibweza ku tauni, ogulitsa kumeneko anangolandirako tochepa, totsalato tili pamwamba pa shelefu mpaka lero. Sitolo sanandipatse, ndipo kumunda sanapite. Sanandithamangitsenso, ndiwo ulemu wawo umenewo. Anatsegula kachipinda ka kuseri n'kuyamba kugulitsa chakudya cha nkhuku, ndipo ndine ndimayeza pa sikelo. Akuti kumeneko katundu salankhula.

Koma kamemori kamodzi kosowa kaja kanayenda. Anyamata a m'tizisakasa totchajira mafoni, amene amaikira anthu nyimbo, anakapeza, ndipo tsopano munthu akapita kukaikitsa nyimbo amafunsidwa ngati akufuna amuikiremonso Esinati. Ambiri amafuna. Ndamva mawu anga pa njinga ya makala, ndawamva m'minibasi ya ku Palabana kondakitala akubwereza pamodzi nane mawu ndi mawu, ndawamva ku chigayo. Bana Chanda amawaika pa sipika yaikulu tsiku la msika, ndipo akandiona ndikudutsa ndi thumba la chakudya cha nkhuku amafuula kuti, "Ba gilajuweti! Sukulu ni yabwino mwandi, mwanigwilila nchito!"

Ndiye musanene kuti maphunziro anga sanapindule. Ndinapatsidwa mwezi umodzi kuti ndilande msika wa Chongwe, ndipo ndinaulanda wonse, palibe chotsala. Kungoti ndinaupereka tsidya lina la msewu. Ndipo onse amene amandimvera, amandimvera pa kamgolo, chifukwa akuti pa kanjerwa batire limatha mtsikanayo asanafike pa za amalume ake.

Ndalumbira, anzanga. Ndikadzakhalanso ndi zoona zoti ndinene, ndidzapita kwa mwiniwake, ndidzanjenjemera pamaso pake, ndidzanena, zidzathera pomwepo. Koma kunong'oneza chinthu chokhala ndi batire, ngakhale tochi, ayi ndithu, sindidzayambiranso.